Sitima Zatsopano pa Njanji Yakale: Mbiri ya Shosholoza Meyl ndi Mitu ya AFRO 4000

Mawu oyamba

Chakumapeto kwa chaka cha 2014, padoko la mzinda wa Cape Town padatsitsidwa mutu wa sitima yapamtunda wochokera ku Valencia, m'dziko la Spain. Mutuwo udali woyamba mwa mitu 70 imene bungwe la boma loyendetsa sitima zonyamula anthu ku South Africa, la Passenger Rail Agency of South Africa, kapena kuti PRASA mwachidule, lidaitanitsa pofuna kupumitsa mitu yokalamba yomwe idakhala ikukoka sitima za maulendo ataliatali kwa zaka zoposa 30. Pasadathe chaka, dziko lonse lidamva kuti mitu yatsopanoyo idali yaitali msinkhu kuposa muyezo wovomerezeka pa njanji za dzikolo. Pofika mwezi wa Febuluwale 2020, sitima zimene mituyo idagulidwira zidali zitaimitsidwa.

Nkhani ino ikulondola gwero la vutoli kuchokera pomwe njanji ya kummwera kwa Africa idayambira. Ambiri amaikumbukira nkhaniyi ngati ya katangale basi, ndipo n'zoona kuti katangale adalipo, monga momwe mabwalo a milandu adapezera. Komabe katangaleyo adapeza malo okonzedwa kale ndi zisankho za zaka za 1873, 1925 ndi 1986. Wofuna kumvetsa chifukwa chimene ndalama zochuluka chotere zidalepherera kupulumutsa sitima ya anthu wamba ayenera kuyambira pa zisankho zimenezo.

Njanji yopapatiza

M'chaka cha 1873, boma la atsamunda la Cape lidasankha kuti zitsulo ziwiri za njanji zizitalikirana mamilimita 1,067, pomwe ku Britain ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya zimatalikirana mamilimita 1,435. Chifukwa chake chidali ndalama. Njanji yopapatiza imatha kukhota pamalo ochepa, choncho idali yotsika mtengo kuiyala m'mapiri monga a Hex River, omwe adatchinga njira yopita kumigodi ya diamondi. Njanjiyo idafika ku Kimberley mu 1885, ku Johannesburg mu 1892, ku Bulawayo mu 1897, ndipo itaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, idafika ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, mu 1906. Njanji ya Shire Highlands, imene idafika ku Blantyre mu 1908, idatsata muyezo womwewo, chimodzimodzinso ya TAZARA ya m'zaka za m'ma 1970.

Pa njanji pali miyezo iwiri imene anthu ambiri amaisokoneza. Woyamba ndi wa kutalikirana kwa zitsulo, umene umalamula kutalikirana kwa magudumu. Wachiwiri ndi wa mpata umene sitima imadutsamo, ndiye kuti msinkhu ndi mulifupi zomwe milatho, ngalande zoboola mapiri, mapulatifomu ndi nthambo za magetsi zimalola. Amisiri atha kusintha magudumu a mutu wopangidwira njanji ya ku Ulaya kuti akwanire pa njanji yopapatiza, koma kusinthako sikufupikitsa denga lake. Milatho ndi ngalande za kummwera kwa Africa zidamangidwa poganizira sitima zazifupi, ndipo muyezo wa denga la mutu wa dizilo pa njanji za South Africa udaikidwa pa mamilimita 3,965.

Okwera sitima

Njanjiyi idayalidwira miyala ya mtengo wapatali ndi malasha, koma idanyamulanso anthu okumba miyalayo. Kuyambira pachiyambi, mabogi adagawidwa potsata mtundu wa munthu. Pa 7 Juni 1893, Mohandas Gandhi adatsitsidwa m'sitima pa siteshoni ya Pietermaritzburg chifukwa chokana kuchoka m'bogi la kalasi yoyamba. Bungwe la South African Railways litakhazikitsidwa mu 1910, ndiponso ulamuliro wa tsankho utakhwima kuyambira mu 1948, anthu akuda ambiri ankayenda m'mabogi a kalasi yachitatu, a mipando yathabwa.

M'mabogi amenewa mudakweranso anthu olankhula Chichewa. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe m'midzi linkatchedwa Wenela, kuyambira m'zaka za m'ma 1950 linkanyamula amuna a ku Nyasaland pandege mpaka ku Francistown, komwe ankakwera sitima yopita ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchitozo kwa kanthawi.

Ziyankhulo za m'derali zidasunga mbiriyi. Mawu oti sitima m'Chichewa, chitima m'Chishona ndi isitimela m'Chizulu onse adachokera ku mawu a Chingerezi onena za nthunzi, ndipo akadagwirabe ntchito ngakhale mitu ya malasha idapuma kalekale. Dzina loti Shosholoza Meyl, limene sitima za maulendo ataliatali zidapatsidwa ulamuliro wa tsankho utatha, lidalumikiza mbali ziwiri za mbiri yomweyi. Shosholoza ndi dzina la nyimbo ya amuna a m'migodi ochokera ku Zimbabwe, ndipo Meyl ndi katchulidwe ka anthu wamba ka sitima ya ulendo wautali, kuchokera ku sitima zakale zonyamula makalata. Dzinalo lidali lonjezo lakuti sitima imene kale inkanyamula anthu ngati katundu tsopano yakhala yawo.

Magetsi ndi dizilo

South Africa idayamba msanga kuyendetsa sitima ndi magetsi. Mu 1925 mitu ya magetsi ya gulu la 1E idayamba kukoka sitima pa njanji ya Natal, komwe zitunda zidali zotopetsa mitu ya nthunzi yokoka malasha kupita kudoko la Durban. Magetsi ake adali a mavoti 3,000, ochokera kumalo opangira magetsi a Colenso. M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu a njanji adayamba kuika magetsi a mtundu wina, a mavoti 25,000, omwe safuna masiteshoni ambiri ogawira mphamvu ndipo ndi oyenera madera otalikirana. Njanji zina zidangokhala zopanda nthambo, zodalira dizilo.

Chotsatira chake n'chakuti ulendo umodzi udayamba kufuna mitu ya mitundu ingapo. Pa ulendo wa makilomita oposa 1,500 wochokera ku Johannesburg kupita ku Cape Town, sitima imanyamuka pa magetsi a mavoti 3,000, kuchokera ku Kimberley kudutsa ku De Aar mpaka ku Beaufort West imayenda pa mavoti 25,000, kenaka imabwereranso pa mavoti 3,000 mpaka kunyanja. Posinthana magetsi pankafunika kumasula mutu wina n'kumangirira wina, ndipo mutu woloŵa m'malowo ukachedwa, okwera ankadikira m'chipululu cha Karoo.

Mitu imene idasenza ntchitoyi idali yolimba. Kampani ya Union Carriage and Wagon ya ku Nigel idapanga mitu 960 ya gulu la 6E1 pakati pa 1969 ndi 1985. Mitu ya dizilo ya gulu la 34 idayamba ntchito mu 1971, ndipo ya magetsi ya gulu la 7E idabwera mu 1978. Iyi ndiyo inkakoka sitima zotchuka monga Trans-Karoo, Trans-Natal, Algoa, Amatola, Komati yopita kumalire a Mozambique, ndi Bosvelder yopita ku Musina kumalire a Zimbabwe.

Zaka zosagula kanthu

Mu 1986 lipoti la Wim de Villiers lidalangiza boma kuti bungwe la South African Transport Services liziyendetsedwa ngati bizinesi ndiponso lichepetse ndalama zogulira zipangizo zatsopano. Mu 1988 lamulo lidamasula ntchito yonyamula katundu pamsewu, ndipo nthawi yomweyo maminibasi ndi mabasi a mtunda wautali adachuluka. Pa 1 Epulo 1990 padabadwa kampani ya boma ya Transnet. Phindu la kampaniyi lidali m'malasha ndi miyala ya chitsulo, ndipo sitima yonyamula anthu idaoneka ngati katundu wolemetsa. Kwa zaka pafupifupi 20 sipadagulidwe mitu kapena mabogi atsopano a maulendo ataliatali. Amisiri ankangokonza zakale, kuchotsa chitsulo pa mutu wakufa kuti wina uyende, ndipo ambiri mwa mainjiniya odziwa ntchito adapuma kapena kupita kumakampani ena popanda owalowa m'malo okwanira.

Pamene PRASA idakhazikitsidwa mu Malichi 2009, idalandira Shosholoza Meyl kuchokera ku Transnet pamodzi ndi mitu yazaka zoposa 30. Njanji zazikulu zidatsala m'manja mwa Transnet. Choncho PRASA idakhala mlendo wolipira pa njanji ya eni ake, ndipo sitima zake zinkapatukira sitima za katundu. Ngakhale zidali choncho, anthu oposa 2 miliyoni pa chaka ankakwerabe sitimazi pa nthawiyo, chifukwa mtengo wake udali wotsika kuposa wa basi ndipo munthu ankaloledwa katundu wambiri. Ambiri adali antchito opita kumudzi pa Khirisimasi ndi Pasaka, amayi ochita malonda odutsa malire, ophunzira ndi okalamba. Kufunika kwa mitu yatsopano kudali kwenikweni, ndipo palibe amene adakutsutsa.

Mgwirizano wa 2013

Mu Malichi 2013 PRASA idasaina mgwirizano wa R3.5 biliyoni ndi kampani ya Swifambo Rail Leasing. Poyamba mitu idayenera kukhala 88, koma ndalama ya randi itagwa mphamvu chiwerengero chidatsika kufika pa 70. Mwa imeneyi, 20 idali ya dizilo, yotchedwa AFRO 4000, ndipo 50 idali yotha kuyendera magetsi ndi dizilo yomwe, yotchedwa AFRODUAL. Pamapepala ganizoli lidali lanzeru, pakuti mutu wotha kuyenda pomwe pali nthambo ndi pomwe palibe ukadachepetsa kusinthasintha mitu panjira.

Swifambo idalibe fakitale, ndipo idali isadagwirepo ntchito iliyonse ya njanji. Yopanga mituyo idali kampani ya Vossloh España, imene idatenga mutu wake wa EURO 4000, wopangidwira njanji za ku Ulaya, n'kuusintha kuti ukwanire pa njanji yopapatiza. Mu Julayi 2015 mtolankhani Pieter-Louis Myburgh adalemba m'nyuzipepala ya Rapport kuti denga la mituyo lidapitirira muyezo wa mamilimita 3,965, ndiponso kuti mainjiniya ena adali atachenjeza kale za vutoli. Msinkhu wa AFRO 4000 udaposa mamita 4.1.

Kusiyana kwa masentimita osakwana 30 kungaoneke kochepa, koma pansi pa nthambo ya magetsi ndi kwakukulu. Pakati pa denga la sitima ndi nthambo payenera kutsala mpata wokwanira kuti magetsi asadumphe. Pansi pa milatho nthambo imatsika, ndipo nthawi iliyonse amisiri akathira miyala yatsopano pansi pa njanji, njanjiyo imakwera pang'ono pomwe mlatho uli pomwepo. Pa njanji imene yakhala zaka zambiri yosasamalidwa bwino, mpata umene uli m'mabuku umasiyana ndi umene uli pamalopo. Mkulu wa PRASA pa nthawiyo, Lucky Montana, adatsutsa nkhaniyo nanena kuti mituyo idali yoyenera. Mwezi womwewo adachotsedwa pa udindo. Kenaka zidaululika kuti mkulu wa mainjiniya, Daniel Mthimkhulu, amene ankatchedwa dokotala wa uinjiniya, adalibe madigiri amene ankati ali nawo. Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kubwalo la milandu

Mu Ogasiti 2015 Thuli Madonsela, yemwe adali Public Protector, adatulutsa lipoti lotchedwa Derailed, losonyeza kuti kuphwanya malamulo ogulira katundu kudali chizolowezi ku PRASA. Komiti yoyang'anira bungweli, motsogozedwa ndi Popo Molefe, idachita chinthu chosaonekaoneka: idapita kubwalo la milandu kukapempha kuti mgwirizano wa bungwe lake lomwe uthetsedwe. Mu Julayi 2017 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidavomera pempholo, ndipo mu Novembala 2018 bwalo la apilo lidagwirizana ndi chigamulocho.

Zimene mabwalowa adapeza ndi zofunika kuzisunga. Ndondomeko yofotokoza mtundu wa mitu yofunika idalembedwa mofanana ndi mutu umene Vossloh idali nawo kale, kotero kuti mpikisano udatha usadayambe. Swifambo idalephera zina mwa zoyenereza zoyambirira, koma idapambanabe. Mabwalo adapezanso kuti Swifambo idangokhala chophimba kumaso cha kampani ya ku Spain, zimene zidapotoza lamulo lomwe cholinga chake n'kupereka mwayi wa chuma kwa anthu akuda. Pa nthawiyi PRASA idali italipira kale pafupifupi R2.6 biliyoni, koma idalandira mitu 13 yokha ya dizilo. Palibe mutu ngakhale umodzi wa AFRODUAL umene udafika. Swifambo idatsekedwa, ndipo ndalama zambiri sizidabwerere. Mthimkhulu adapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo mu 2022, ndipo mu Seputembala 2024 adagamulidwa kukakhala kundende zaka 15. Komiti yofufuza za kulandidwa kwa boma, ya Jaji Raymond Zondo, m'lipoti lake la 2022 idalangiza kuti pakhale kafukufuku wapadera woona chimene chidagwetsa PRASA.

Kugula kwa mtunduwu sikudali kwa PRASA yokha. Mu Malichi 2014 Transnet idaitanitsa mitu 1,064 yokoka katundu, 599 ya magetsi ndi 465 ya dizilo, pa mtengo woposa R50 biliyoni, ndipo komiti ya Zondo idapeza kuti gawo la ndalamazo lidapita kumakampani ogwirizana ndi banja la Gupta. Nkhani ziwirizi zikusonyeza kuopsa kwa kukhala zaka zambiri osagula kanthu kenaka n'kugula zonse nthawi imodzi. Ndalama zimatuluka zochuluka pa nthawi imene bungwe latha akatswiri odziwa kulemba ndondomeko ndi kuyesa katundu, ndipo mpata wotero akuba sauphonya.

Zimene okwera adalipira

Mitu yatsopano itaima, Shosholoza Meyl idabwerera ku mitu yakale ndi yobwereka. Sitima zinkafera panjira, zina n'kufika patatha maola ambiri, ndipo okwera ankamalizitsidwa ulendo pa mabasi. Pofika chaka cha 2018 chiwerengero cha okwera chidali chitatsika kufika pa anthu osakwana theka la miliyoni pa chaka. Pa 4 Januwale 2018 sitima yochokera ku Port Elizabeth kupita ku Johannesburg, yodzaza ndi anthu obwerera kuntchito, idaombana ndi lole pamphambano ya njanji ndi msewu pafupi ndi Kroonstad. Mabogi adayaka moto ndipo anthu oposa 20 adafa. Pa 12 Febuluwale 2020 sitima yochokera ku Cape Town idaomba sitima ya katundu pafupi ndi Roodepoort, munthu mmodzi adafa, ndipo bungwe loona za chitetezo cha njanji la Railway Safety Regulator lidaimitsa maulendo onse a Shosholoza Meyl.

Patangotha milungu yochepa dziko lidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Makontirakiti a makampani achitetezo adali atathetsedwa chakumapeto kwa 2019, ndipo njanji itakhala yopanda sitima ndi alonda, akuba adadula nthambo za kopa, adazula zipangizo za masiginolo, mpaka kusasula madenga ndi mazenera a masiteshoni. Mu Disembala 2023 PRASA idayesa kutsegulanso ulendo wa Johannesburg kupita ku Cape Town, koma sitima yoyambayo idathera ku Wellington chifukwa nthambo zakutsogolo zidali zitabedwa, ndipo okwera adamaliza ulendo pa mabasi.

Pali chitsanzo china cha nthawi yomweyo chothandiza kuyeza nkhaniyi. Mu Okutobala 2013 PRASA idasaina mgwirizano wa R51 biliyoni ndi kampani ya Gibela, yotsogozedwa ndi Alstom, wopanga sitima 600 za magetsi zoyenda m'mizinda. Sitimazi zidakonzedwa molingana ndi miyezo ya njanji ya dzikolo, zoyamba 20 zidapangidwa ku Brazil, ndipo fakitale ya ku Dunnottar idatsegulidwa mu 2018. Pa msinkhu padalibe dandaulo. Komabe m'zaka za 2020 ndi 2021 zambiri zidakhala m'malo osungira chifukwa njanji zomwe zidayenera kuyendamo zidalibe nthambo, ndipo zidayamba kugwira ntchito mokwanira pokhapokha njanjizo zitakonzedwanso imodziimodzi. Ngakhale sitima yogulidwa bwino imadikira njanji yake.

Mathero

Mbiri ya AFRO 4000 ili ndi phunziro kwa maiko onse amene adalandira njanji ya mamilimita 1,067. Opanga sitima ambiri padziko amapangira njanji ya mamilimita 1,435, choncho wogula wa kuno amakumana ndi mayesero otenga chopangidwa kale n'kuchisintha pang'ono. Chitetezo chake ndi mainjiniya a bungwe logula, odziwa mlatho uliwonse wa njanji yawo, okhala ndi ufulu wokana popanda kuopa kuchotsedwa ntchito. Akatswiri otere amaphunzitsidwa kwa zaka zambiri, ndipo ku South Africa adayamba kutha kuyambira pa chisankho cha 1986.

Magetsi nawo ali ndi ngongole yake. Zimbabwe idaika nthambo pa njanji ya Harare kupita ku Gweru mu 1983, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 kuba kudali kutathetsa ntchitoyo ndipo sitima zidabwerera ku dizilo. Tanzania idasankha njira ina, yoyala njanji yatsopano ya mamilimita 1,435 ya magetsi, ndipo sitima zonyamula anthu zidayamba kuyenda pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Njira imeneyi imachotsa vuto la miyezo yakale, koma imadza ndi ngongole zazikulu, ndiponso sitima zake sizingaloŵe pa njanji ya TAZARA kapena ya maiko a kummwera.

Mlandu wa Swifambo udatha m'mabwalo, wolakwa mmodzi adamangidwa, ndipo malipoti adalembedwa. Amene sadabwezeredwe kanthu ndi okwera. Mayi wa ku Musina kapena ku Komatipoort amene ankanyamula katundu wake wamalonda pa sitima, ndi wantchito wa ku Eastern Cape amene ankapita kumudzi kamodzi pachaka, adasamukira kumabasi ndi maminibasi, komwe mtengo ndi wokwera ndipo ngozi za pamsewu ndi zambiri. R2.6 biliyoni ija idaperekedwa m'dzina lawo, ndipo mitu 57 mwa 70 imene adalonjezedwa sadaione.